KODI MWANA WA M'KOMBONI AKADANDAULE KWA YANI?

Abale ndi alongo a kumidzi, palibe mudzi ku Petauke, ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi umene ulibe mwana wace mu Lusaka. Wina anapita kukakhala kwa amalume ace ku Matero kuti apitirize sukulu, wina anatengedwa ndi azakhali ace a ku Chawama kuti azikalera khanda, winanso anangokwera basi nakatsikira ku Kalingalinga kumene kuli mkulu wace. Pomuperekeza mwana wotere timamupatsa nkhuku, nshawa ndi malangizo: uziopa magalimoto, uziopa akawalala, usatsate anzako oipa. Koma cilipo cinthu cimodzi cimene sitimuuza, cifukwa ngakhale ife eni ace sitinaciganizirepo. Sitimuuza kumene angapite ngati womulakwirayo ali munthu wa Boma.

Ine amene ndilemba mau ano ndine wanchito wa Boma, ndipo nsima ya ana anga icokera ku malipiro a Boma. Cifukwa cace sindilankhula monga munthu wodana ndi Boma. Ndilankhula monga munthu amene waona kuti Boma lili ndi manja ambiri, ndipo manjawo sali ofewa onse. Mphunzitsi ndi dzanja la Boma, namwino wa kusikelo ndi dzanja la Boma, wapolisi wa pa polisi yaing'ono ya m'komboni, kalaliki wa khonsolo, msilikali wotumidwa kucotsa ogulitsa m'miseu, onsewa ndi manja a Boma. Munthu wamkulu akapwetekedwa ndi dzanja limodzi mwa awa amadziwa kukuwa, kulemba kalata, kupita kwa khansala, ndipo pa tsiku la masankho ali nayo voti yace. Mwana alibe voti, alibe ndalama ya loya, ndiponso ife tomwe tinamuphunzitsa kuti akulu akamalankhula iye aziyang'ana pansi.

Mu Febuluwale 2020, pamene dziko lonse linagwidwa ndi mantha a anthu amene ankanenedwa kuti athira mpweya wa poizoni m'nyumba, mnyamata wa sukulu wa zaka 14 anaphedwa ndi cipolopolo ku Chazanga, komboni ya kumpoto kwa Lusaka, pamene apolisi anali kubalalitsa khamu la anthu. Nkhani imeneyo inamveka dziko lonse cifukwa mwazi unakhetsedwa poyera. Zoculuka zimene zimagwera ana m'manja mwa anchito a Boma sizimveka motero. Zimathera m'citokosi, m'kalasi, pa mzere wa kucipatala, ndipo mwanayo amakula nazo mumtima.

Ndinene za m'banja langa. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 16, wamtali ngati bambo wace, anagwidwa madzulo ena pamodzi ndi anyamata ena pafupi ndi msika m'komboni ina, pamene apolisi anali kusesa onse oyendayenda. Anagona usiku wonse m'cipinda cimodzi ndi amuna akuluakulu. Palibe amene anatumiza mau kunyumba. Mai wace anayenda zipatala ziwiri usiku umenewo kufunafuna mtembo. M'mawa mwace ndinapita ine, nditavala jekete ndi tayi, ndipo mwanayo anatulutsidwa ndisanathe ndi kulonjera komwe. Anthu anandiyamika, koma ine ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, pakuti cimene cinamutulutsa mwanayo ndi jekete langa. Anzace amene analibe malume wa tayi ndinawasiya momwemo.

Maganizo akuti Boma liyenera kukhala ndi diso loliyang'anira sali acilendo m'dziko muno. Kabungwe ka Mainza Chona, kamene kanayendera dziko mu 1972 kumva maganizo a anthu pa za malamulo oyendetsera dziko, kanapempha kuti pakhale ofesi yolandira madandaulo a anthu wamba pa anchito a Boma. Malamulo a 1973 anakhazikitsa udindo wa Wofufuza Wamkulu, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kucita zimenezi, potsata Tanzania imene inayamba mu 1966. Ofesi imeneyo inathandiza ambiri, makamaka anchito ocotsedwa nchito mopanda cilungamo ndi okalamba omanidwa penshoni. Koma milandu yace inali kumvedwa m'cinsinsi, ndipo zopeza zace zinali kupita kwa Mtsogoleri wa dziko, amene anali ndi mau omariza. Ndiponso inali kudikira kalata. Kodi mwana wa ku George wa zaka khumi akadalemba kalata yotani, nakaiponya kuti?

Mu 1996 malamulo anasinthidwa ndipo kunabadwa bungwe loona za ufulu wacibadwidwe, la Human Rights Commission, limene linayamba nchito mu 1997 motsogoleredwa ndi Mai Lombe Chibesakunda. Bungwe limeneli lili ndi mphamvu yolowa m'ndende ndi m'zitokosi za apolisi kukaona m'mene anthu asungidwira, ndipo mu 2009 linatsegula mkati mwace ofesi ya Komishinala wa Ana. Mu 2016 udindo wa Wofufuza Wamkulu unalowedwa m'malo ndi wa Mtetezi wa Anthu, Public Protector, amene woyamba wace anali Mai Caroline Sokoni. Ameneyu apereka malipoti ace ku Nyumba ya Malamulo ndipo angathe kuyamba kufufuza yekha osadikira kalata. Caka comweco kunakhazikitsidwanso bungwe lolandira madandaulo a anthu pa apolisi. Motero maofesi alipo, ndipo amene anena kuti palibe cimene cinacitika anena bodza.

Malamulo nawonso alipo, abwino ndithu. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Khoti Lalikulu linagamula mu 1999 kuti kukwapula munthu monga cilango ca khoti nkosemphana ndi malamulo a dziko, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa cikwapu m'masukulu. Kwa zaka zoposa 60 milandu ya ana inali kuweruzidwa ndi lamulo la atsamunda la 1956, kufikira mu Ogasiti 2022 pamene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anasaina lamulo latsopano la ana, Children's Code, limene linasonkhanitsa malamulo akale a ana m'buku limodzi. Kale mwana wa zaka 8 akadatha kuimbidwa mlandu wa upandu. Kuyambira 2022 msinkhu umenewo ndi zaka 12. Lamulo lifuna kuti mwana akagwidwa, makolo kapena omusunga auzidwe pamodzi ndi wanchito wa Boma woona za umoyo wa ana, kuti mwana asasungidwe pamodzi ndi akulu, ndi kuti kumutsekera kukhale cinthu comariza njira zina zonse zitalephera. Lifunanso kuti pa ciganizo ciri conse cokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ukhale patsogolo.

Mau omariza amenewa ndiwo ndifuna kukhalapo pang'ono, cifukwa ambiri tiganiza kuti nkhani ya ufulu wa ana ndi ya kupolisi ndi kukhoti kokha. Zoculuka zimene Boma limacita kwa ana limazicita lisali kuganiza za ana konse.

Taonani Kanyama. Komboni imeneyi, m'mene mukhala anthu mazana a zikwi, inamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu lokhala ndi mphako ndi ming'alu pansi pace. Madzi a pansi ali pafupi kwambiri, kotero kuti cimbudzi cokumba ndi citsime ca mnansi zimamwa madzi amodzi. Mvula ikagwa madzi sapita kwina. Akulu akumbukira cigumula ca 1978, ndipo ana a lero aona zofanana nazo pafupifupi dzinja liri lonse. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, Boma la Edgar Lungu linatumiza asilikali kucotsa ogulitsa m'miseu, linakwirira zitsime zosazama, linacedwetsa kutsegula masukulu, ndipo mu Januwale 2018 linalamula kuti mu Kanyama munthu asayende kucokera 6 koloko madzulo kufikira 6 koloko m'mawa. Pa 12 Januwale anthu anacita cipolowe. Patapita zaka zisanu ndi cimodzi matendawo anabweranso ndi ukali woposa: kuyambira mu Okutobala 2023 anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, pafupifupi 700 anamwalira, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale.

Ine sindinena kuti kutseka masukulu kunali kulakwa. Ndikadakhala nduna, kapena ndikadacita comweco. Koma pamene akulu anakhala pa tebulo kugamula zimenezi, ndani anali ndi udindo woimirira ndi kufunsa kuti: masabata asanu amenewa ana adzakhala kuti? Sukulu ili ndi mpopi, kunyumba kuli citsime comwe cija. Kodi tamucotsa mwanayo ku ngozi kapena tamubwezera komweko? Mai amene tamucotsa pa mseu ndi tomato wace adyetsa ciani ana ace madzulo ano? Zitsime takwirira, nanga mtsikana wa zaka 11 amene atumidwa kukatunga madzi ayenda mtunda wotani, ndipo abwerera nthawi yanji pamene kuli lamulo la 6 koloko? A zaumoyo anali kuwerenga odwala, asilikali anali kuwerenga misika yosesedwa, a khonsolo anali kuwerenga zitsime. Ali yense anagwira nchito yace, ndipo nchito yowerenga ana inalibe mwini.

N'cimodzimodzi pa kugwetsa nyumba. M'zaka zoyamba za ufulu makomboni ambiri a mu Lusaka anali kuonedwa ngati osaloleka, oyenera kugwetsedwa. Lamulo la 1974 linasintha zimenezo: Boma linavomereza kuti anthu akhale, linawapatsa zikalata za zaka 30, ndipo ndi ngongole ya World Bank linalowetsa miseu, mipopi, masukulu ndi zipatala zazing'ono mu George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Kalingalinga inakonzedwa pambuyo pace, kuyambira mu 1980, ndi thandizo la dziko la Germany. Imeneyo inali nzeru, ndipo ana obadwira m'makomboni amenewo ena ndi madokotala lero. Koma mzinda unapitirira kukula, anthu anapitirira kugula malo kwa ogulitsa opanda cilolezo, ndipo zigalimoto zogwetsa nyumba sizinapume. Mu Ogasiti 2022, mwezi womwewo umene lamulo la ana linasainidwa, khonsolo ya ku Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 pa malo a bwalo la ndege la Kasompe. Malowo anali a bwalo la ndege, inde, ndipo bambo amene anagula anali wolakwa kapena wonyengedwa. Nanga mwana wa giredi 7 amene mabuku ace anakwiririka m'njerwa, miyezi yowerengeka mayeso asanafike, analakwa ciani? Khonsolo iri yonse isanatumize cigalimoto iyenera kudziwa kuti m'nyumbazo muli ana angati, aphunzira kuti, ndipo agona kuti usiku umenewo. Ngati palibe woifunsa, siidzadzifunsa yokha.

Apa ndi pamene maofesi athu acepera. Bungwe la ufulu wacibadwidwe lili ndi anchito owerengeka oyang'anira dziko la anthu oposa 19 miliyoni, amene pafupifupi theka ndi ana, ndipo likapeza colakwa limapempha ndi kulangiza, silikakamiza. Ofesi ya ana mkati mwace inayamba ndi thandizo la abwenzi akunja, ndipo cinthu coyamba ndi ndalama za mlendo cimafooka mlendoyo akamanga katundu. Mtetezi wa Anthu ali ndi mulu wa madandaulo a akulu. Mu Ogasiti 2016 tinali ndi mwai wolemba ufulu wa ana mwatsatanetsatane m'malamulo akulu a dziko, koma riferendamu inagwa cifukwa ovota sanakwane ciwerengero cofunika. Ambiri a ife tinaponya voti ya Mtsogoleri ndi ya phungu, pepala lina lija osalilabadira. Lamulo la 2022 linakhazikitsa komiti yogwirizanitsa nchito za ana m'maunduna, ndipo nzabwino, koma komiti ya maunduna ndi Boma lomwelo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo palibe unduna umene udzadziimba mlandu wokha.

Maiko ena anaona vuto limeneli kale. Norway inali yoyamba, mu 1981, kuika munthu mmodzi amene nchito yace yonse ndi kuimirira ana pamaso pa Boma. Woyamba anali mai wina dzina lace Målfrid Grude Flekkøy. Wina adzati amenewo ndi azungu olemera. Koma Mauritius, cisumbu ca mu Africa, inacita comweco mu 2003, ndipo anansi athu a ku Malawi anapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la ana la dziko lonse mu 2019. Cimene ndipempha ine cilibe cacilendo: Komishinala wa Ana akhale ndi lamulo lacelace, ndalama zace zicokere ku Nyumba ya Malamulo, asacotsedwe pa mpando cifukwa wakhumudwitsa nduna, akhale ndi mphamvu yolowa m'citokosi ciri conse usiku kapena usana osayamba wapempha, yoitanitsa mabuku a polisi ndi a khonsolo, ndipo lipoti lace liwerengedwe poyera caka ndi caka, unduna wochulidwamo uyankhe. Ndipo asakhale ku Longacres kokha kumene mwana wa ku Mtendere aopa ndi kuponda. Akhale ndi munthu wace pa tsiku lodziwika pa sukulu kapena pa cipatala ca m'komboni, wolankhula Cinyanja ndi Cibemba, amene mwana angamuuze nkhani yace popanda kalata.

Ndidziwa cimene akulu ena a kumudzi adzanena, cifukwa anandiuza pamaso pa maliro ena ku Sinda: ufulu wa ana ndiwo waononga ana, lero mwana ukamudzudzula ati akakunenera ku polisi. Ndimva dandaulo limeneli, ndipo tsiku lina tidzakambirana za kulera. Koma nkhani ya lero ndi yina. Sindikamba za inu ndi mwana wanu pakhomo panu. Ndikamba za mwana wanu ndi munthu wacilendo wonyamula mfuti, kapena cidindo, kapena makiyi a citokosi. Mwambo wathu sunalolepo kuti mwana aweruzidwe yekha. Pa bwalo la mfumu mwana wolakwa amabwera ndi malume wace, ndipo malumeyo ndiye amalankhula. Mu Lusaka mwana wa kumudzi amaima yekha pamaso pa Boma, ndipo Komishinala amene ndinena ndiye malume wa ana opanda malume.

Enanso adzati ndalama kulibe. Boma limene linacotsa malipiro a sukulu mu Januwale 2022, nililemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, silingalephere kulipira anthu makumi owerengeka oyendera zitokosi. Ndiponso maphunziro aulerewo ndiwo awonjezera cifukwa. Ana anathamangira kusukulu, makalasi a m'makomboni anadzaza kufikira ena kukhala pansi, ndipo pamene mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa mphamvu yace, cikwapu coletsedwa cija cimabwerera mwakacetecete. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu kuyambira 1997, koma mphunzitsi wamkulu akamuuza kuti malo adzaza, ndani adzapita kukaona ngati ndi zoona?

Ciripo cimodzi cimene cili m'manja mwanu, ndipo sicidikira Nyumba ya Malamulo. Citetezo conse ca lamulo la 2022 cidalira pa msinkhu wa mwana. Wapolisi akagwira mnyamata usiku amayang'ana kutalika ndi ndevu, ndipo mnyamata wa kumudzi wozolowera khasu amaoneka wamkulu kuposa zaka zace. Akalembedwa m'buku kuti ali ndi zaka 19, apita kwa akulu, ndipo akapezeka wolakwa sadzaona sukulu ya ana olakwa ya Nakambala ku Mazabuka kapena ya Katombora. Adzaona ndende ya akulu. Bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2010 kuti linapeza ana osungidwa pamodzi ndi akulu m'ndende zathu. Lamulo lakuti mwana ali yense alembetsedwe pobadwa lakhalapo kuyambira 1973, koma kufufuza kwa Boma kwa 2018 kunapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 14 okha ndiwo analembetsedwa, ndipo kumidzi ciwerengero cinali cocepa koposa apo. Mwana wa mlongo wanga uja analibe pepala liri lonse m'thumba.

Motero inu amai ndi abambo, inu a nyakwawa ndi inu a m'makomiti a m'midzi, mwana asanakwere basi ya ku Lusaka mpezereni cikalata cace ca kubadwa. Ngati cilibe, apite ndi khadi lace la kusikelo kapena kalata ya kusukulu yochula caka cimene anabadwa, ndipo wa zaka 16 atenge reji. Womusunga m'tauni asunge pepalalo pamalo pamene angalipeze usiku. Mwanayo aloweze pamtima nambala ya foni ya womusunga, ndiponso nambala ya 116, imene ana aimba kwaulere akakhala pa vuto. Mukamva kuti wagwidwa, amene apita ku polisi anene msinkhu wace poyamba, afunse ngati wanchito woona za umoyo wa ana wauzidwa, alembe dzina la wapolisi, tsiku ndi nthawi, ndipo ngati mwanayo wagonekedwa ndi akulu, nkhaniyo ipite ku bungwe la ufulu wacibadwidwe, limene lili ndi ofesi ku Chipata ndi ku Lusaka. Phungu wanu akadzabwera kudzacititsa msonkhano pansi pa mtengo, mutatha kumufunsa za feteleza ndi mseu, mfunseni kuti pa citokosi ca polisi ya kwanu pali cipinda ca ana kapena palibe, ndi kuti iye anakalowamo liti.